Zimene Mabvuto Sanaone ku Bangkok

Mumzinda wa Kabwe, m'komboni ya Kasanda, munali mnyamata wina dzina lake Mabvuto Phiri. Makolo ake anamwalira iye akadali wamng'ono, choncho analeredwa ndi ambuya ake, a Nabanda. Mayi wokalambayu anabwera ndi amuna awo kuchokera ku Katete tauni ya Kabwe ikadali kutchedwa Broken Hill. Amuna awo anagwira ntchito mumgodi wa mtovu ndi zinki kufikira pamene mgodiwo unatsekedwa mu 1994, ndipo sanakhalitse, anatsikira kulichete. A Nabanda anatsala ndi kanyumba, mbaula ndi chiwaya. Ankakazinga vitumbuwa n'kumagulitsa kwa apaulendo a m'mabasi odutsa pamsewu wa Great North, ndipo ndi ndalama za vitumbuwazo analera mdzukulu wawo.

Mabvuto anakula ali wakhama, koma anali ndi mtima wapachala. Anayamba ndi kugulitsa salaula pansi, kenako anapeza kantemba, pomaliza anachita lendi kashopu ka zovala mumsika wa m'tauni. Anakwatira mtsikana wofatsa dzina lake Esnart, ndipo anabereka mwana wamwamuna, Dalitso. Onse ankakhala pakhomo pa ambuya.

Pa malonda ankadziwa, koma pakamwa pake pankathawitsa anthu. Wogula akanenerera mtengo, iye ankamukalipira. Wangongole akachedwa tsiku limodzi, ankamutsatira kunyumba n'kumuyalutsa pamaso pa ana ake. Anthu a ku Kabwe ankawanyoza poyera.

"Tauni ino ndi ya anthu ogona," ankatero. "Mgodi unatsekedwa, fakitale ya nsalu ya Mulungushi inatsekedwa mu 2007, njanji inafooka, koma anthu amangoseka n'kumakambirana za Kabwe Warriors ndi zigoli za malemu Godfrey Chitalu. Mukawafunsa kuti muli bwanji, akuti tili bwino. Bwino wake uti?"

A Nabanda akamva zimenezi ankangomwetulira n'kupitiriza kukanda ufa wawo.

Mumsikamo munali mayi wina wachikulire pa malonda, Mayi Mwape, amene ankapita kunja kukagula katundu. Iwo analowetsa Mabvuto m'chilimba cha amalonda, ndipo tsiku lake lolandira litafika anamuuza kuti: "Mwana wanga, tiye ukaone ku Bangkok. Malaya a kumeneko ndi osokedwa bwino, ndipo ukagula ambiri mtengo umatsika." Anakwera basi kupita ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 140, kenako ndege yodzera ku Addis Ababa, mpaka anakatera pabwalo la Suvarnabhumi.

Kuyenda n'kuona. Mabvuto anadabwa ndi nyumba zitalizitali, sitima zoyenda m'mwamba mwa misewu, ndi akachisi a madenga onyezimira m'mbali mwa mtsinje wa Chao Phraya. Koma chimene chinamugwira mtima kwambiri chinali khalidwe la anthu. Magalimoto ankadzaza msewu n'kuima nthawi yaitali, koma sankamva kutukwanizana kwa madalaivala. Popereka moni anthu ankaphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Madzulo ankakhala pa timipando m'mbali mwa msewu, kudya mpunga ndi ndiwo za tsabola, kuseka ngati dziko lilibe ngongole. Tsiku lina anaona njinga yamoto itagunda ngolo ya bambo wogulitsa zipatso. Mananazi anamwazika mumsewu. Mabvuto anaima kuti aone ndewu, koma anthu awiriwo anaweramirana, anatolera limodzi zipatsozo, wa njingayo anapereka kandalama, ndipo aliyense anapita njira yake.

Mayi Mwape anamutengera ku Pratunam, msika waukulu wa zovala zapikulitsa, kushopu ya mayi wina amene ankagulako kwa zaka zambiri. Dzina lake anali Mayi Noi, wamfupi, wa imvi zochepa, wolankhula Chingerezi cha pamsika. Mabvuto anasankha malaya ndi madiresi, analipira, ndipo anyamata anamanga katundu. Atawerenga mitolo anapeza kuti umodzi ukusowa. Magazi anamuthamangira kumutu. Anamenya patebulo n'kuyamba kufuula kuti amubera chifukwa ndi mlendo. Msika wonse wapafupi unangoti zii. Anthu anayang'ana pansi ngati kuti manyazi ndi awo.

Mayi Noi sanakweze mawu. Anamukokera kampando, anamupatsa madzi ozizira, kenako anayamba kuwerenga mitolo pang'onopang'ono, akuloza umodziumodzi. Mtolo wosowawo unapezeka pansi pa chikwama cha Mabvuto yemwe. Mnyamatayo anasowa poyang'ana. Anayamba kupepesa mwachibwibwi, koma mayiyo anangomwetulira n'kunena kuti, "Palibe vuto, mwana wanga." Ndipo poti Mayi Mwape anamuikira kumbuyo, anamuwonjezera katundu wina pangongole kuti adzalipire pakatha miyezi itatu. Anatsegula kabuku kakuda, analembamo, Mabvuto anasaina. Mtima wake unali pa kumwetulira kuja, kabukuko sanakasamale.

Atabwerera ku Kabwe, Mabvuto anali munthu wina. Pakati pa tauni pali mkuyu waukulu umene apaulendo akale ankapumulirapo, ndipo mpaka lero anthu amausa mumthunzi wake. Pamenepo ndi pamene ankakhala ndi anzake masana, akuwasimbira za ulendo.

"Anzanga, ndapeza chinsinsi cha moyo," ankatero. "Anthu a ku Thailand alibe nkhawa. Chilichonse chikachitika amangoti palibe vuto, n'chifukwa chake dziko lawo ndi lolemera. Mpunga wawo timaugula ngakhale kuno. Ife tikudzipha ndi kuganiza. Munthu ukasiya kudandaula, ndalama zimadza zokha."

Anzakewo ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Palibe anamukumbutsa kuti kufatsa kumene ankatamanda mwa anthu akutali ndi komwe ankanyoza mwa anthu akwawo.

Poyamba kusinthaku kunaoneka kwabwino. Mabvuto anasiya kukalipa, ogula anayamba kubwera, ndipo katundu wa ku Bangkok ankayenda malonda. Esnart anathokoza Mulungu kuti m'nyumba mwalowa mtendere. Koma pang'ono ndi pang'ono zinthu zinapitirira muyeso. Shopu imene ankatsegula dzuwa likutuluka anayamba kuitsegula 10 koloko. Mnzake akabwera n'kunena kuti, "Amwene, ndipatseni malaya awiri, ndidzalipira mwezi ukatha," iye ankangoti, "Tengani, palibe vuto," osalemba paliponse. Mbiri inawanda kuti kwa Mabvuto katundu amatengedwa ndi pakamwa, ndipo abwenzi anachuluka. Tsiku loponya chilimba linadutsa, iye anati palibe vuto. Miyezi itatu ya Mayi Noi inakwana, iye anati, "Mayi uja ndimamudziwa ine, sadandaula ndi ndalama."

Itafika nyengo ya mphepo, mwezi wa Ogasiti, fumbi lochokera ku milu ya zotsalira za mgodi linayamba kuwomba kulowera ku Kasanda ndi ku Makululu. Anthu a ku Kabwe amadziwa kuti m'dothi la makomboni oyandikana ndi mgodi muli mtovu, ndipo umavulaza kwambiri ana aang'ono amene amasewera pansi n'kuika zala m'kamwa. Dalitso anayamba kukana nsima, kudandaula m'mimba ndi kungokhala wofooka.

"Atate a Dalitso," anatero Esnart usiku wina, "a zaumoyo akuyenda m'komboni kuuza makolo kuti akayezetse ana magazi. Mwanayu sakundisangalatsa. Tiyeni mawa tipite naye kukiliniki. Komanso pabwalopa pakufunika kubzala kapinga kuti fumbi lichepe."

"Amake Dalitso, mumakonda kudzivutitsa," anayankha Mabvuto. "Ine ndinakulira m'fumbi lomweli, kodi ndinafa? Palibe vuto."

A Nabanda, amene anali kusankha nyemba pakona, anadzutsa mutu.

"Mabvuto, mdzukulu wanga, ndikufunseko. Kumene unapitako kuja, unkadzuka nthawi yanji?"

"Ambuya, ndege imatopetsa. Ndinkadzuka dzuwa litakwera."

"Nanga unalowako m'nyumba ya munthu ngakhale mmodzi wa kumeneko?"

"Ayi, ndinkagona kuhotela."

"Ndiye usamalankhule ngati wawadziwa. Mlendo amaona nsima itasalala m'mbale, saona amene anasinja pamtondo. Kandimverere adakanena za m'maluwa."

Mabvuto anaseka. "Ambuya, inu kutali kwanu ndi ku Katete. Za kunja mungazidziwe bwanji?"

A Nabanda sanayankhe. M'mawa mwake iwo ndi Esnart anabereka mwana kupita kukiliniki. Zotsatira zitatuluka, anamwino anati mtovu m'magazi a Dalitso ndi wochuluka. Anamuika pa mankhwala, anawauza kuti azibwera naye kudzamuyezanso, azimusambitsa m'manja asanadye, azikolopa m'nyumba ndi nsalu yonyowa, ndipo asamamulole kusewera padothi louma.

Sabata yomweyo mavuto ena anatulukira pamodzi. Mwini shopu anabwera kudzafuna lendi ya miyezi iwiri. Amayi a chilimba anafika pakhomo, Mayi Mwape ali patsogolo, nkhope zili gwa. Mashelefu anali mbee, koma m'thumba munalibe ndalama. Mabvuto anayesa kukumbuka amene anamutengera katundu, koma mayina ndi mitengo zinasokonekera m'mutu. Ena amene anawakumbuka anakana kuti sanatengepo kanthu. Abwenzi a pansi pa mkuyu aja anayamba kudutsira tsidya lina la msewu.

Usiku wina, cha m'ma 11 koloko, tulo titamuthawa, Mabvuto anatuluka panja ndi foni. Anaganiza kuti mayi wosadandaula uja ndiye angamupulumutse pomutumizira katundu wina pangongole. Anaimba pa WhatsApp, osakumbuka kuti nthawi ya ku Thailand ili patsogolo ndi maola asanu. Ku Bangkok inali 4 koloko m'bandakucha.

Foni inayankhidwa msanga. Pa galasi panaoneka nkhope ya Mayi Noi, thukuta lili pamphumi. Kumbuyo kwawo magetsi anali kuyaka, anyamata akukankha ngolo zodzaza mitolo, mtsikana wina akusita madiresi, ndipo bambo wina akutsitsa katundu m'galimoto.

"Mayi, pepani, kodi simunagone?" anafunsa Mabvuto.

"Ndagona, ndadzuka," anayankha akumwetulira. "Tsiku lililonse ndimafika pano nthawi ino. Ogula apikulitsa amabwera kusanache. Inu alendo mumafika ntchito yaikulu itatha kale."

Mabvuto anafotokoza mavuto ake, n'kupempha katundu wina. Mayi Noi anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anatenga kabuku kakuda kaja, anatsegula tsamba n'kuliyandikitsa pa foni. Dzina la Mabvuto linali pamenepo, ndalama yake, tsiku lolipira, ndi mzere wofiira kunsi kwake.

"Ayi, mwana wanga," anatero, kumwetulira kuli komweko. "Sindikutumizira ngakhale malaya amodzi kufikira utalipira izi."

"Koma Mayi, si inu munati palibe vuto?"

"Ndinatero pa za mawu ako oipa aja, chifukwa ndinakukhululukira. Pa za ngongole sindinatero. Tamvera. Ine kwathu ndi ku Isan, chigawo cha alimi a mpunga, kufupi ndi Khon Kaen. Ndinabwera ku Bangkok ndili mtsikana kudzasoka zovala m'fakitale. Mu 1997 ndalama yathu ya baht inagwa mphamvu, fakitale inatsekedwa, tinatsala opanda kanthu. Ndinayambanso ndi makina amodzi. Mu 2011 madzi osefukira analowa m'nyumba imene tinkasokera ku Pathum Thani, nsalu ndi makina zinaonongeka. Ndinayambanso. Mwezi uliwonse ndimatumiza ndalama kumudzi kwa mayi anga, ndipo anthu onse ukuwaona kumbuyokuwa amadya kuchokera m'kabuku aka. Ukuganiza kuti ndilibe nkhawa?"

Mabvuto anakhala chete.

"Kwathu kuno munthu wofuula pagulu amadzichotsera ulemu, ndipo amachotsanso ulemu wa mnzake. Tinaphunzitsidwa kuziziritsa mtima kuti mutu ugwire ntchito. Tsiku lija ndikanakalipa nawe, mtolo uja sitikanaupeza, ndipo Mayi Mwape sakanabweranso. Ndimamwetulira kuti ndiwerenge bwino. Iwe unatenga kumwetulira n'kusiya kuwerenga. Lipira pang'onopang'ono, ndidikira, koma ndidzalemba ndalama iliyonse."

Anaphatikiza manja pachifuwa, anaweramitsa mutu, foni inaduka.

Mabvuto anakhala pakhonde mpaka usiku unapita. Tambala woyamba atalira anamva chitseko chikutseguka. A Nabanda anatuluka atafunda chitenje. Anakoleza mbaula, anavundukula beseni la ufa umene anakanda madzulo, anathira mafuta m'chiwaya. Podikira kuti mafuta atenthe, anatenga ndowa n'kuwaza madzi pabwalo lonse kuti fumbi ligone Dalitso asanadzuke. Kenako anatulutsa kachitini, anawerenga makobidi n'kuwagawa milu itatu: wa ufa, wa makala, ndi wosunga. Mabvuto anakulira pakhomo pomwepo, koma zonsezi anali asanaziyang'anepo ndi maso awiri.

Anayandikira n'kugwada pambali pawo.

"Ambuya, ndinakulakwirani. Ndinati simudziwa za kunja."

"Za kunja sindizidziwadi," anatero a Nabanda akutembenuza vitumbuwa. "Ndimadziwa za pano. Tsiku limene mgodi unatsekedwa, m'komboni muno munali maliro opanda mtembo. Amuna ena anathawa mabanja, ena analowa m'kachasu. Koma ambiri tinapukuta misozi, wina anayamba kuphwanya miyala, wina kulima chimanga kunja kwa tauni, wina kukagula nsomba ku Lukanga n'kumagulitsa. Ukatifunsa timati tili bwino, chifukwa kulira pamsewu sikudyetsa mwana. Iwe unkati ndife ogona. Unapita kutsidya kwa nyanja, unakaona anthu a mtima womwewu, n'kubwera ukuti alibe nkhawa. Konse kuwiri unaona nkhope zokha."

"Ndichite chiyani tsopano, ambuya?"

"Kale unali moto, ukuotcha anthu. Lero wasanduka wolekerera, ukuotcha banja lako. Gwira pakati. Pakamwa pakhale pofewa, koma manja ndi mutu zikhale maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wodekhayo amakhala akuyang'ana, sagona ayi."

Kutacha, Mabvuto anagula kabuku ndi cholembera. Anakhala pansi ndi Esnart, amene ankakumbukira bwino nkhope za otenga katundu, ndipo analemba mayina onse amene anatha kuwapeza. Anayenda khomo ndi khomo ku Bwacha, ku Chowa ndi ku Katondo. Sanafuule ngati kale, ndipo sanangoseka ngati dzana. Ankapereka moni mwaulemu, kukhala pansi, kutsegula kabuku n'kufunsa kuti, "Atate, mungathe zingati lero, ndipo zotsalazo tilembe tsiku liti?" Ena anapereka, ena anazemba, ndipo ndalama ina inatayika mpaka kale. Anagulitsa wailesi yakanema ndi foni yake yodula, analipira lendi, anapita kwa amayi a chilimba kukapepesa, n'kuyamba kubweza. Mwezi uliwonse ankatumiza kachigawo ku Bangkok.

Pakhomo anabzala kapinga, anaika ndowa ndi sopo pakhonde, ndipo tsiku lililonse loyezetsa ankanyamula yekha Dalitso kupita naye kukiliniki. Patapita miyezi, anamwino anati mtovu wayamba kutsika, ngakhale anawachenjeza kuti asatayirire, pakuti dothi la m'komboni silinasinthe. Mwanayo anayambanso kudya ndi kuthamanga. Mabvuto sanaiwale kuti mawu ake a "palibe vuto" akanatha kumutayitsa mwana, ndipo anayamba kulimbikitsa makolo anzake a ku Kasanda kuti akayezetse ana awo.

Chaka chitatha, ngongole ya Mayi Noi inatha. Tsiku lomwelo kunabwera chithunzi cha tsamba la m'kabuku kakuda, dzina la Mabvuto litadulidwa mzere, ndi uthenga wofunsa kuti akufuna mitolo ingati. Shopu inadzazanso. Anthu a mumsika ankati Mabvuto ndi munthu wosavuta kuchita naye malonda, koma wosatheka kumubera. Achinyamata akamufunsa za ku Thailand, ankawauza kuti anthu a kumeneko ndi aulemu ndi ofatsa zedi, ndipo ankawonjeza kuti amadzuka 4 koloko ndipo amalemba ngongole iliyonse, monga amachitira amayi ambiri a ku Kabwe konkuno.

Phunziro la nthanoyi ndi lakuti kudekha ndi kulekerera ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu wodekha amaugwira mtima kuti aone bwino chochita, pamene wolekerera amatseka maso vuto likukula. Mlendo wa masiku ochepa amaona moni ndi kumwetulira, koma ntchito, ngongole ndi misozi ya eni dziko zimakhala kuseri kumene iye safikako. Choncho inu amene mumayenda, musafulumire kuweruza mtundu wa anthu, kaya powatamanda kaya powanyoza, musanadziwe chimene chimawadzutsa m'mamawa. Mukaona khalidwe labwino kwa eni ake, litengeni lonse pamodzi ndi thukuta lake. Ndipo musananyoze anthu akwanu kuti ndi ogona, dzukani tsiku limodzi kusanache muone zimene amachita.